Akulu ali kumunda, mwana ali ndi yani?

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ana aang'ono a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kum'mawa kwa Zambia, amaswera panja, pakati pa zitsime zosavundikira, mitengo ya mango, mphezi ndi malole. Ngozi zimene amakumana nazo zili ndi miyezi yake, maola ake ndi malo ake, ndipo zambiri mwa izo mudzi ungathe kuzitseka wokha.

Mvula yobzalira ikangogwa m'maboma atatuwa, pamudzi pamatsala nkhalamba, odwala ndi ana. Ena onse amalawirira kumunda kusanache, wina khasu paphewa, wina akukusa ng'ombe za pulawo. Sukulu nazo zimatsekera kumayambiriro kwa Disembala, ndiye ana amene akanakhala m'kalasi amabalalikira kudambo, kubusa, m'mitengo ya mango ndi m'mbali mwa msewu. Mayi akamanyamuka amasiya mawu omwe aja anasiyiridwa iye ali wamng'ono: "Uyang'ane mwana, usapite patali." Wouzidwayo kawirikawiri amakhala wa zaka 7 kapena 8.

Palibe kholo limachita zimenezi chifukwa cha mphwayi. Chimanga, mtedza, soya, thonje ndi mpendadzuwa zonse zimafuna kubzalidwa ndi kupaliridwa m'masabata ochepa omwewo, ndipo banja lochedwa pa ntchitoyi limadzagona ndi njala. Ambiri amagwira munda wawo m'mawa, masana n'kukapalira kwa ena paganyu kuti apeze ufa wa tsikulo. Kuuza anthu otere kuti asamasiye mwana n'kosavuta ukakhala pa wailesi, koma udzu sudikira. Chimene chingathandize n'kuyang'ana bwinobwino maola amene manja onse ali pa khasu: mwana ali m'manja mwa yani, ndipo pafupi ndi pamene akusewerapo pali chiyani?

Madzi a pafupi ndi khomo

Mu Disembala 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti la imfa zobwera chifukwa chomira. Lipotilo linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafera m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Munthu wa ku Sinda akamva zimenezi maganizo amathamangira ku Mpulungu, ku Samfya kapena ku Siavonga kumene kuli nyanja. Komatu mwana wa zaka 2 samira m'nyanja. Amamira m'madzi amene amawaona tsiku ndi tsiku.

Tayendani m'mudzi uliwonse wa m'dera la Mfumu Kawaza, Mbang'ombe, Nyanje kapena Pembamoyo mvula itagwa kawiri. Kudimba kuli chitsime chokumba pamanja, chopanda mpanda, pakamwa pake atangoyalapo mitengo iwiri yopondapo potunga, m'mphepete mwake muli matope oterera. Kuseri kwa nyumba yatsopano kuli nkhuti imene anyamata anakumba mu Ogasiti poumba njerwa, tsopano yadzaza madzi ofiira amene saonetsa kuya kwake. Pafupi pali dzenje la chimbudzi lomwe mwini wake akudikira ndalama ya simenti. Pansi pa malata ayikapo mgolo ndi ndowa zotchera madzi a mvula. Mwana amene wangophunzira kuyenda amakhala ndi mutu wolemera poyerekeza ndi thupi lake. Akasuzumira m'ndowa ya malita 20, mutu ndiwo umatsogola, miyendo n'kutsala m'mwamba, ndipo alibe mphamvu yodzitembenuza. Salira, sakuwa, chifukwa pakamwa pali m'madzi. Mlongo wake akhoza kukhala pomwepo akusewera phada osamva kanthu, ndipo mphindi zochepa zimakwana kuti ubongo uwonongeke.

Chilala cha 2023 mpaka 2024 chinawonjezera maenje otere. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Madzi atathawira pansi, anthu anakumba zitsime zatsopano m'madambo ndi m'mchenga wa m'mitsinje, zakale n'kuzizamitsa. Chitsime chopulumutsa banja pa chilala chimasanduka msampha mvula ikabwerera, udzu utamera n'kubisa pakamwa pake.

Dziko limene laphunzira kwambiri za vutoli ndi Bangladesh, kumene kumira kumapha ana aang'ono ambiri kuposa matenda ena odziwika. Ofufuza a kumeneko anapeza kuti ana ambiri amamira pafupi kwambiri ndi nyumba, ndiponso pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 1 koloko masana, nthawi imene amayi amakhala atatanganidwa ndi ntchito. Ndiye anayambitsa malo osungirako ana otchedwa Anchal. Mayi mmodzi wa m'mudzi momwemo, ndi womuthandiza, amasonkhanitsa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 5 m'nyumba imodzi kwa maola anayi amenewo, kumawaimbitsa ndi kuwaseweretsa. Kafukufuku anasonyeza kuti mwa ana opita kumalo otere, imfa za m'madzi zinatsika ndi magawo oposa 80 pa 100. Panalibe makina kapena mankhwala. Panali munthu wamkulu wodziwika amene ntchito yake m'maola amenewo inali ana basi.

Mwana akavuulidwa m'madzi, zimene anthu amachita m'mphindi zoyambirira n'zimene zimagamula. Ambiri amamugwira miyendo n'kumuzondotsa, ena amamuzunguza kapena kumupsinja mimba kuti madzi atuluke. Zonsezi zimangotaya nthawi, ndipo zingakankhire masanzi m'mapapo. Chimene thupi lake likusowa ndi mpweya. Mugonekeni chagada pamalo olimba, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, kwezani chibwano pang'ono, mupumireni m'kamwa kasanu mpaka chifuwa chizikwera, kenako kanikizani pakati pa chifuwa ka 30 ndi kumupumira kawiri, mobwerezabwereza. Kwa khanda mumagwiritsa ntchito zala zazikulu ziwiri za m'manja, kwa wokulirapo dzanja limodzi. Akatsitsimuka, ngakhale ayambe kuseka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo amene analowa madzi akuda amatha kuvuta pakapita maola.

Kwa ana okulirapo ngozi ili kumtsinje. Mitsinje ngati Katete, Kapoche ndi Vubwi, pamodzi ndi timifuleni totsika m'mapiri ngati a Mphangwe, imatha kudzaza mwadzidzidzi kuno kuli ngwee, mvula itagwa kumtunda. Madzi ofika m'mawondo mwa bambo amafika pachifuwa pa mwana wa giredi 1, ndipo akakhala othamanga amamukokolola. Nawo madzi odekha a m'madamu ndi m'zithaphwi ali ndi vuto lawo, likodzo, lomwe tizilombo take timachokera mu nkhono. Mnyamata akamakodza magazi sikuti wakula ayi, wadwala, ndipo mankhwala ake a praziquantel amaperekedwa m'zipatala ndi m'masukulu.

Wolera naye ndi mwana

Achewa timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu walera anthu ambiri. Mwana wa m'mudzi amadya pakhomo lililonse, amadzudzulidwa ndi wamkulu aliyense. Koma pa nkhani ya madzi ndi moto, chikhulupiriro choti aliyense akumuona mwana n'chimene chimasiya mpata. Ngozi ikachitika, mawu omveka pabwalo amakhala amodzimodzi: "Ine ndimayesa ali kwa ambuya ake." "Anali ndi anzake pompano." Aliyense anamuona, koma palibe amene anapatsidwa.

Ngozi zotere zimakondanso masiku amene akulu achuluka: pamaliro, paukwati, pamsonkhano wa mpingo, pa chigayo. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, anthu amakhala miyandamiyanda, maso onse ali ku Gule Wamkulu, fumbi lili koboo, magalimoto akubwerera m'mbuyo pakati pa anthu. Mwana wa zaka 3 akasiya chitenje cha amake pamalo otere, kumupeza ndi ntchito. Kapepala ka nambala ya foni kosokerera m'thumba la malaya ake kamathandiza kuposa kufuula dzina.

Mtsikana wa zaka 8 akhoza kubereka mwana kumbuyo, kumudyetsa phala ndi kumutonthoza, ndipo ambiri amachita bwino zedi. Chimene sangathe n'kuyang'ana osaphethira kwa maola asanu, anzake akumuitanira masewera. Sangavuule mwana m'chitsime popanda kugweramo naye. Ndipo tsoka likagwa, iyeyo ndiye amasenza mlandu moyo wake wonse, pa ntchito imene sinali ya msinkhu wake.

Mudzi wa Achewa unamangidwa kale m'njira yoti nkhaniyi n'kuikonza. Nyumba za mbumba imodzi zimakhala moyandikana, amayi apachibale ali ndi ana a misinkhu yofanana. Mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi akhoza kupangana kuti tsiku lililonse mayi mmodzi kapena bambo mmodzi atsale ndi ana onse osakwana zaka 5 kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo, anzakewo n'kumulimirako mizere yake monga zimakhalira pa dima. Ambuya amene maso ndi miyendo zikadali bwino angatsogolere, koma asawasiyire gulu lonse okha. Chachikulu n'chakuti mwana aziperekedwa pakamwa, wolandira n'kuvomera: "Anabanda, mwana ndasiya m'manja mwanu, ndimutenga ndikaweruka." Makalasi a mkaka amene ali pa masukulu ambiri a pulaimale amagwira ntchito yotere m'miyezi ya sukulu, koma amatseka pa tchuthi cha Disembala, nthawi yomwe akufunika koposa. Mipingo ili ndi nyumba zimene zimangokhala zotseka mkati mwa sabata, ndipo ili ndi magulu a amayi odziwa kale kugawana ntchito.

Kubusa: mphezi ndi njoka

Dera lino ndi la ng'ombe, ndipo mbewu zikamera ng'ombe sizingasiyidwe zokha. Kwa zaka zambiri pakhala chizolowezi cholemba mnyamata kuti awete ng'ombe za munthu wina kwa zaka zingapo, malipiro ake n'kukhala ng'ombe imodzi pamapeto. Mafumu, kuyambira kwa Gawa Undi, akhala akudzudzula mchitidwewu chifukwa umachotsa ana kusukulu. Maphunziro aulere amene anayamba mu Januwale 2022, ndi lamulo loteteza ana la Children's Code Act la chaka chomwecho, zachepetsa zifukwa zodzikhululukira. Komabe pa tchuthi ndi kumapeto kwa sabata anyamata ambiri amapita kubusa, ndipo kumbuyo kwawo kumatsatira ang'ono awo a zaka 5 kapena 6, opanda nsapato.

Mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, abusa ali kutali ndi mudzi. Mwana aliyense amathamangira pansi pa mtengo waukulu, ng'ombe nazo zimaunjikana pomwepo. Amenewo ndiwo malo oopsa kuposa onse, chifukwa mphezi imatsata chinthu chotalika, ndipo ikamenya mtengo mphamvu yake imayenda pansi n'kugwetsa onse oima mozungulira. Pachulu, pamwamba pa phiri, m'madzi ndi pafupi ndi mpanda wawaya ndi malo ena oyenera kuthawa. Lamulo loti ana aloweze ndi lalifupi: ukamva bingu, mphezi ikhoza kukufika, pita kunyumba, ndipo usatuluke mpaka patapita mphindi 30 chimvereni bingu lomaliza. Ngati nyumba ili kutali, atsikire pamalo otsika opanda madzi, atalikirane, asagone pansi. Kholo liyeneranso kunena poyera kuti mwana wothawa mphezi n'kusiya ng'ombe sadzamenyedwa, chifukwa ambiri amapirira pamvula poopa ndodo ya kunyumba. Za komwe mphezi imachokera anthu amakamba zosiyanasiyana, ndipo ena amaopa kukhudza munthu womenyedwa nayo. Thupi lake silisunga magetsi. Mugwireni, ndipo ngati sakupuma muchitireni zomwe zija za womira m'madzi.

Njoka nazo zimayendayenda kukatentha ndi mvula ikayamba. Mphiri sithawa munthu, imangogona phee m'njira, khungu lake likufanana ndi masamba ouma, mpaka phazi liiponde. Ana amalumidwanso m'manja, popisa m'una wa mbewa m'chilimwe kapena potola ngumbi, zomwe ena amati inswa, pachulu usiku popanda tochi. Ululu womwewo umene wamkulu angapirire umagwira mwamsanga m'thupi laling'ono. Mu 2017 WHO inaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha, ndipo imati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa nako. Malangizo ake amatsutsana ndi zambiri zimene tinakula nazo. Osamanga mwendo ndi lamba kapena mphira, chifukwa magazi akatsekeka mwendo umawola. Osatema mphini pabala, osayamwa. Vulani zibangili ndi chilichonse chothina, mwendo ukhale osagwedezeka, mwanayo anyamulidwe, asayende. Ululu ukalavulidwa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Mankhwala opha ululu sapezeka pakiliniki iliyonse, choncho ndi bwino kudziwiratu njira ya kuchipatala chachikulu: St Francis ku Katete, chimene chinayamba mu 1948 ndipo chimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika, Nyanje ku Sinda cha mpingo wa Reformed Church in Zambia, kapena chipatala cha boma la Vubwi. Galu akaluma, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo za katemera wa chiwewe zikafunsidwe tsiku lomwelo.

Nyengo ya mango

Ogwira ntchito m'zipatala za kuno safuna kalendala kuti adziwe kuti mango apsa. Amaonera ana obwera atagwira chigongono. Kuyambira Novembala mpaka Januwale ana amakhalira m'mitengo, ndipo mango okoma amakhala kunsonga ya nthambi yopyapyala, yonyowa ndi mvula ya usiku. Mwana akagwa amatchinjiriza ndi dzanja, fupa n'kuthyokera pamwamba pang'ono pa chigongono, pamene pamadutsa mtsempha wa magazi opita kuzala. Mkono wotere akaumanga zolimba ndi timitengo ndi luzi kunyumba, kutupa kumatseka magazi, ndipo dzanja likhoza kupuwala mpaka kalekale. Zala zikazizira, zikachita dzanzi kapena zikasintha mtundu, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi mwana amene wamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza, kuodzera kapena kulankhula zosamveka.

Kuletsa ana mango n'kutaya mawu. Chotheka n'kuwasemera ngowe yaitali ya nsungwi, kudula nthambi zouma ndi kuchotsa miyala ndi zitsa pansi pa mtengo wa pakhomo. Aang'ono kwambiri, amene sakwera, ndiwo amaima pansi kudikira, pamene pamagwera miyala yogendera ndi wokwera yemwe.

Mango otola pansi, ntchentche ndi zitsime zolowa madzi a mvula zimabweretsa kutsegula m'mimba. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ambiri mu Lusaka, ndipo masukulu amene akanatsegulira pa 8 Januwale 2024 anatsegulira pa 12 Febuluwale. Kutsuka chipatso, kusamba m'manja ndi sopo ndi kuthira kolorini m'madzi akumwa n'zotsika mtengo. Mwana akayamba kutsegula, madzi a moyo ayambe nthawi yomweyo, pamodzi ndi mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Paketi ikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino zimagwira ntchito muli pa ulendo wa kuchipatala.

"Ndi dzuwa chabe"

Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo. Khanda lomangidwa kumsana kwa mayi amene akukonza mizere limalandira kutentha kuwiri, kwa dzuwa pamutu ndi kwa thupi la amake, ndipo thupi lake silidziwa kudziziziritsa ngati la wamkulu. Mthunzi weniweni kumunda, ngakhale kachisakasa ka udzu, ndiponso kuyamwitsa pafupipafupi n'zofunika. Wosakwana miyezi 6 safuna madzi, bere limakwanira. Okulirapo aziitanidwa kudzamwa, chifukwa mwana ali pa masewera saona ludzu. Liwombo likalowa, anthu ambiri amathamangira kupaka mankhwala pamutu. Liwombo lolowa, maso olowa, kulira kopanda misozi ndi kusakodza ndi zizindikiro zoti madzi atha m'thupi, ndipo mankhwala ake amalowera kukamwa kapena m'mtsempha. Ana achialubino amafunika chipewa cha khonde, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu tsiku lililonse. M'miyezi yomweyi tchire limatenthedwa posaka mbewa, mauvuni a njerwa ndi a makala amakhala akufuka, ndipo phulusa looneka lozizira pamwamba limapsereza mapazi. Popsa pathiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta.

Vuto lina la nyengo yotentha n'lakuti limapatsa kholo yankho lapafupi. Mwana akatentha thupi madzulo, timati waswera padzuwa, timupatse panado agone. Koma kutentha komweko n'kumene kumachititsa mabanja kugona pakhonde kapena kukankhira neti pambali, ndipo mvula ikayamba udzudzu umaswana m'zithaphwi zonse. Kum'mawa kuno malungo akadali ambiri, ndipo mwa mwana wosakwana zaka 5 amatha kukula tsiku limodzi. Thupi likatentha, magazi ayezedwe pasanathe maola 24. M'midzi yambiri muli anthu odzipereka ophunzitsidwa kuyeza ndi kupereka Coartem. Mwana akamakana bere, akamasanza chilichonse, akafooka mosadzuka kapena akayamba kugwedezeka ndi kukomoka, ulendo ndi wa usiku womwewo.

Mtunda ndiwo mdani wamkulu. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo ku Vubwi, kumalire ndi Malawi ndi Mozambique, misewu yambiri ya m'midzi ndi yafumbi, imene m'dzinja imadulidwa ndi mitsinje. Mu 2017 ndi 2018 m'boma la Serenje anayesa njira yochepetsa vutoli. Odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kuzindikira malungo aakulu, kupatsa mwana mankhwala a artesunate olowetsera kumbuyo kuti apeze nthawi, kenako kumuthamangitsira kuchipatala pa ambulansi ya njinga. Mwa ana odwala malungo aakulu, omwalira anatsika kuchoka pa 8 mwa 100 alionse kufika pa ochepera mmodzi. Ntchitoyi inafalikira ku maboma ena, ndipo Vubwi anali m'gulumo. Banja lililonse liyenera kudziwa nyumba ya wodzipereka wa dera lake mwana asanadwale.

Msewu ndi botolo

Msewu wa Great East umadutsa pakati penipeni pa Sinda ndi Katete, ndipo pa Katete pamapatuka wina wopita kuchipata cha Chanida kulowa mu Mozambique. Malole olemera amayenda usana ndi usiku, ndipo lole yodzaza katundu siima pamene dalaivala wafunira. M'nyengo ya mango ndi bowa ana ndiwo amatumidwa kukagulitsa m'mbali mwa msewu, basi ikaima onse n'kuthamangira kumawindo, ena kuchokera tsidya lina. Mwana wosakwana zaka 10 sadziwa bwino kuyeza liwiro la galimoto, choncho asaoloke popanda wamkulu womugwira dzanja. M'midzi ngozi zimachokera ku njinga zamoto zonyamula banja lonse ndi ku ngolo zimene ana amadumphira kumbuyo zikuyenda.

Botolo nalo limapha mwakachetechete. Alimi a thonje amapopera mankhwala kangapo m'dzinja, ndipo chifikireni mbozi zowononga chimanga kumapeto kwa 2016, nawo a chimanga akupopera. Mankhwalawa ambiri amagulidwa pang'onopang'ono, othiridwa m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi, n'kusiyidwa m'mphepete mwa munda kapena pansi pa bedi. Mwana waludzu amazindikira botolo, za m'katimo sazidziwa. Mankhwala ndi palafini zikhale m'zotengera zake, pamwamba, pokhoma. Mwana akamwa, osamusanzitsa, osamumwetsa mkaka kapena mafuta. Nyamulani mwana ndi botolo lomwe, kuti achipatala adziwe chimene akulimbana nacho. Bowa wotola ana okha asalowe mumphika asanaonedwe ndi wamkulu womudziwa bwino.

Ntchito ya mfumu, khansala ndi kaundula

Zambiri mwa ngozizi zili pamalo odziwika, ndiye zingathe kuwerengedwa. Mvula isanayambe, mfumu ya mudzi ndi komiti ya zaumoyo akhoza kuzungulira mudzi m'mawa umodzi, kulemba nkhuti iliyonse, chitsime chilichonse ndi dzenje lililonse, n'kupatsa eni ake tsiku loti akhale atakwirira, atavundikira kapena atamanga mpanda. Woumba njerwa adziwe kuti ntchito yake imatha akakwirira nkhuti. Mpanda wa nsungwi wokhala ndi chitseko kuzungulira chitsime cha kudimba sufuna ndalama. Anthu amasonkhana kale m'miyezi imeneyi kukamba za makuponi a feteleza, ndipo msonkhano womwewo ungatulutse ndondomeko ya olera ana ndi dzina la mwini njinga yamoto amene angadzutsidwe usiku. Mawailesi ngati Mphangwe ku Katete ndi Breeze FM ku Chipata amafika kumene nyuzipepala sifika, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere kwa aliyense woona mwana ali pa vuto.

Zina zimafuna ndalama, ndipo ndalamazo tsopano zili pafupi. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likuwonjezedwa chichokereni pamenepo. Madera a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi onse amalandira. Kamlatho ka oyenda pansi pa mtsinje umene ana amaoloka popita kusukulu, zivundikiro za simenti pa zitsime, mjigo wochotsa ana kudambo, zonsezi zingapemphedwe kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi. Koma khonsolo imaika ndalama pa vuto limene lili pa pepala.

Apa ndi pamene pali mpata waukulu. Mwana womwalira ndi malungo kuchipatala amalowa m'mabuku a boma. Womira m'nkhuti kuseri kwa nyumba nthawi zambiri safika kuchipatala. Amaikidwa m'manda mawa lake, anthu n'kunena kuti linali tsiku lake, ndipo nkhuti ija imakhalabe pomwepo mpaka dzinja lina. WHO yomwe imavomereza kuti imfa zambiri zotere m'mayiko osauka sizilembedwa. Mafumu a midzi ali ndi kaundula wa anthu awo. Atamalembamo chimene chapha kapena kuvulaza mwana aliyense, malo ake ndi ola lake, n'kumapereka kukiliniki ndi kwa khansala kumapeto kwa dzinja, pakutha kwa zaka ziwiri wodi iliyonse ingadziwe zitsime ndi madooko amene akudya ana ake, ndipo pempho la mlatho lingapite ku boma litanyamula umboni.